Manja Anga, Nkhope ya Wina

— Halo?

— Halo, Chechi, mkulu wanga? Ndine Athulya.

— Ndakudziwa kale. Ndani winanso angabe foni ya amayi nthawi ino? Uli bwanji, mng'ono wanga?

— Ndili bwino, kaya inu ku Mangalore?

— Tilipo, kungoti miyendo ikuwawa, chiimire m'mawa mu wodi. Amayi ali bwanji? Bondo lija?

— Likadali lotupa. Apita kwa azakhali a Ponnamma kukalipaka mafuta. Foni aisiya pa chaja, ndiye ndati ndikupatseni moni.

— Ababa?

— Ali bwino. Ali kudoko ndi boti.

— Mvula?

— Ikugwa ngati tinailakwira. Madzi afika pakhonde. Abakha a apaneba akusambira pamene timayanika zovala paja. Chechi, mwadya?

— Ndadya zimene kuno amazitcha chakudya. Iwe?

— Chinangwa ndi nsomba zadzulo. Halo? Mukundimva?

— Mawu akudukaduka. Pita pawindo la kukhitchini.

— Ndili pomwepo, ndakwera ndi pampando. Mvetserani, munamva za Jincy?

— Jincy uti?

— Wa kuseri kwa tchalitchi, wa tsitsi lofika m'chiuno uja. Anamupeza m'boti ya boma atakhala mpando umodzi ndi mnyamata wodula matikiti. Mipando ina yonse inali yopanda anthu, Chechi. Boti yonse. Amayi ake atamva akuti anangokhala pansi pamsika, dengu la nkhanu lili pamutu.

— Iwe unaliko?

— Fidha analiko, ndipo Fidha sanama. Komanso aphunzitsi a Molly adetsa tsitsi, koma mankhwala ake anali achinyengo, lasanduka lofiira ngati...

— Athulya.

— Ee?

— Ndatsala ndi mphindi zochepa kuti ndilowenso ntchito ya usiku, amatroni amatilanda mafoni tikamalowa mu wodi. Wandiimbira kuti undiuze za tsitsi la a Molly?

— Ayi, ndimangofuna kucheza.

— Mawu akowo bwanji? Chimfine?

— Mvulayi.

— Imwa madzi otentha a jinja, usadzaoneke wotupa mphuno tsiku lako lalikulu. Ndili ndi nkhani yabwino. Tchuthi cha chikondwerero cha Onam andipatsa. Ndifika Lachinayi, Lachisanu tonse tikaonere filimu yako tsiku loyamba.

— Oho.

— Oho basi? Ndagwadira amatroni mwezi wonse, iwe ukungoti oho? Kuno hositelo yonse ikudziwa kuti mng'ono wa Sreeja ali mufilimu. Ena akundipempha kuti udzawasainire pamabuku awo.

— Chechi, musamauze anthu ambiri.

— Lero manyazi? Iwe amene unauza ngakhale wogulitsa nsomba? Ababa anandiimbira dzulo, akuti chikwangwani chafika.

— Chafika. Anyamata a kalabu ya m'mudzi achiimika kale padoko, achiphimba ndi nsalu. Mawa m'mawa akhansala abwera kudzachivundukula, kukhala ng'oma ndi zolankhula.

— Wachiona?

— Ndinasuzumira. Nkhope yanga ndi yaikulu kuposa chitseko chathu. Atenga chithunzi chija cha paukwati wa a Biju, chimene ndinavala maluwa kumutu. Pamwamba alemba kuti, "Mwana wathu Athulya Thankappan, nyenyezi ya Kainakary." M'mbali muli zofiira, mwadziwa ababa ndi chipani chawo.

— Ndiye kulira kwake n'kuti pamenepa? Ukulira, Athulya. Usandinamize, ndinakusambitsa ndine.

— Sindikulira.

— Wapanga chiyani? Ndi mnyamata?

— Ayi. Bwenzi zili bwino akanakhala mnyamata.

— Lankhula, nthawi ikutha.

— Lero atulutsa nyimbo imodzi ya mufilimumo pa intaneti. Yomweta mpunga ija. Inu simunaione?

— Ndinali mu wodi. Ndiye?

— Gopika anabisa foni m'chikwama cha chakudya. Nthawi yopuma anakuwa kuti nyimbo ya Athulya yatuluka, kalasi yonse inaunjikana. Ngakhale a Molly, m'malo molanda foni, anati ikani pa desiki tonse tione. Anandikhazika kutsogolo.

— Eya.

— Inayamba bwino. Minda yathu yomweyi, madzi mbuu, nyumba ya azakhali ikuoneka chapatali. Kenako mapazi akulowa m'matope. Mapazi anga, Chechi. Chala chokhota chija. Ine n'kuti, ndi ine uyo, ndi ine uyo. Kenako manja akugwira chikwakwa, chipsera cha pachala chachikulu chikuoneka bwinobwino. Anthu anayamba kuwomba m'manja. Kenako kamera inakwera kumtunda.

— Inde?

— Nkhope ndi ya Hridya.

— Hridya, katswiri wa mafilimu uja?

— Yemweyo.

— Mwina iwe ukuoneka patsogolo pake. Nyimbo imakhala ndi anthu ambiri.

— Tinaionera mpaka kumapeto, n'kuibwereza. Mapazi anga, nkhope yake. Msana wanga nditasenza mtolo, akatembenuka ndi iye. Manja anga akupuntha mpunga, thukuta lili pamphumi pake. Thukuta lake la m'botolo, ndinkaona akumuwaza.

— Dikira. Suja unkati iwe ndiwe mng'ono wake mufilimumo?

— Ndimmene ndinkaganizira.

— Unkaganizira? Sanakuuze?

— Palibe ananena kuti ndine mng'ono wake. Palibenso ananena kuti sindine. Ankativeka zofanana, nsalu yofanana, bulauzi yofanana, mpango wofanana, ndiye ine ndinkati pachibale amavala chomwecho. Ndipo m'mawa uliwonse ankatikhazika limodzi kwa abambo opaka nkhope aja. Ankatenga mkono wanga n'kuugundika patsaya la Hridya, n'kumasakaniza utoto m'kambale. Awonjezere wakuda, ayang'ane mkono wanga, awonjezerenso. Mpaka tsaya lake lifanane ndi khungu langa. Mukudziwa mmene alili woyera, ngati m'kati mwa kokonati.

— Mulungu wanga.

— Ine ndinkasangalala, Chechi. Ndinkati akufuna tioneke a mimba imodzi. Ndinkachita kuusambitsa mkonowo ndi sopo wanu wonunkhira uja munasiya. Tsiku lina ndinapsa ndi dzuwa kumunda, abambowo n'kundikalipira kuti ndawasokonezera muyezo, ndizivala za manja aatali. Ndinapepesa.

— Unapepesa.

— Ee.

— Nanga n'chifukwa chiyani mwini wakeyo sankalowa yekha m'matope?

— Misundu. Tsiku loyamba umodzi unamuluma pakatumba, analira mpaka kujambula kunaima. Komanso chikwakwa ankachigwira ngati supuni. Ndiye akafika pomweta ankati, Athulya bwera. Ine ndimvekere, andikonda.

— Koma unandiuza kuti unalankhula mawu, kamera ili pankhope pako.

— Ndinalankhula. Aja akuti, "Lero sitimweta, mpunga uwolere m'munda." Ndinawaloweza usiku ndi usana mpaka amayi anandithamangitsa m'khitchini. Ndiye lero nditaweruka ndaimbira a Nila, achemwali aja ankathandizira adayirekitala. Ndagwiritsa ntchito foni ya Fidha.

— Ati chiyani?

— Poyamba sanandikumbuke. Kenako anati, aa, Athulya wa manja uja. Ndawafunsa za mawu anga aja. Akuti pamene paja ankangoyesa magetsi, kuti aone mmene kuwala kumakhalira pakhungu lakuda, Hridya asanatuluke m'galimoto mwake. Akuti kamera sinkajambula n'komwe.

— Filimu yonse mulibe nkhope yako?

— Mulibe. Akuti ndisakhumudwe, anthu amagula tikiti akaona nkhope yodziwika, ndipo filimuyi ndi yofunika kwambiri kwa anthu a mtundu wathu, ikufunika ifike patali. Akuti dzina langa lili kumapeto, pamene amathokoza anthu. Ndafunsa kuti pati, akuti pafupi ndi amene anabwereketsa maboti.

— Ndipatse nambala yawo.

— Chechi, ayi.

— Ndipatse. Filimu yonena kuti anthu akuda a m'minda ndi anthu, koma kuti apeze munthu wakuda achite kupenta mwana wa a Menon, banja la mtundu wapamwamba? Kainakary yense atsikana anatha?

— Pa positala sanalembe Menon. Dzinalo ndi mchira woonetsa mtundu wa munthu, iye anaudula, akuti sagwirizana ndi zosankhana mitundu. Analankhula pa TV, azakhali analira.

— Mchira anadula, nkhope yako n'kudulanso. Anzako kusukulu anati chiyani?

— A Molly anati tsegulani mabuku. Fidha anandigwira dzanja pansi pa desiki. Kenako Gopika, ndipo sankanyoza ayi, ankafuna kunditonthoza, anati, koma amupaka bwino, eti, akuoneka ngati anthu akwanu enieni.

— Gopika amene umagawana naye chakudya chiyambire sitandade wani?

— Yemweyo. Sindinkadziwa kuti ndili ndi akwathu ndipo iye ali ndi akwawo. Halo? Chechi?

— Ndilipo.

— Mukutani?

— Ndikufuna mawu oti nditukwane nawo koma pano pali odwala. Ndilemba pa intaneti. Ndiika chithunzi cha manja ako, dziko lonse lione.

— Kenako? Anthu onse akuikonda filimuyi isanatuluke n'komwe. Achipani akuti akaonera ndi mbendera. Adzati ana a Thankappan ndi ansanje, akufuna kugwetsa filimu yokhayo yonena za ife. Ndipo nkhani yake ndi yoona, Chechi, ndi ya agogo. Ine sindikufuna igwe. Sindikudziwa chimene ndikufuna.

— Ababa akudziwa?

— N'chimene ndakuimbirani.

— Sakudziwa.

— Kafoni kawo ka mabatani kamaonetsa chiyani? Kuyambira m'mawa ali pamadzi. Apangana ndi eni boti yaikulu ija kuti Lachisanu itenge mudzi wonse kupita kutauni ku Alappuzha kukaonera filimuyo. Agula malaya oyera. Inu munawaonapo ababa atagula malaya pasanafike pong'ambika akale?

— Sindinawaonepo.

— Inu munali mutapita kale pamene adayirekitala anabwera kunyumba kuno. Anakhala pansi pamkeka, anadya chinangwa ndi manja, anawatchula ababa kuti komuredi. Ababa anawafotokozera zonse za amayi awo. Mmene eni minda ankawakumbira kadzenje pansi, n'kuyalamo tsamba, n'kuthiramo phala, kuti asakhudze mbale za m'nyumba. Mmene agogo anauzira akazi anzawo kuti aike zikwakwa pansi. Mmene anawamenyera mpaka khutu linagontha. Ababa ankalira, adayirekitala ankalemba. Ine ndinali kuseri kwa chitseko.

— Ndikudziwa nkhaniyo.

— Koma simukudziwa zimene akumanena masiku ano. Aliyense wokwera boti yawo amamuuza. Amati, amayi anga ankadyera m'dzenje, koma mdzukulu wawo aonekera pachinsalu chachikulu, ndipo zidzukulu za okumba dzenje zilipira tikiti kuti zimuyang'ane kumaso. Kumaso, Chechi. Amabwereza pamenepo.

— Iwo sanafunsepo kwa adayirekitalawo?

— Anafunsa tsiku lomaliza, akunyamula katundu wawo kupita naye kumsewu. Anati, mwana wanga aoneka? Iwo anangowasisita paphewa n'kuti, osadandaula komuredi. Ababa anakana ndi malipiro a ulendo umenewo.

— Athulya, akuyenera kumva lero.

— Ndimaganiza kuti mwina tingozisiya. Chikwangwani achivundukule mawa, Lachisanu ine ndidwale. Ndimatha kudwala, mukudziwa.

— Iwe udwale, iwo apite ndi mudzi wonse, akhale mumdima muja akudikira nkhope yako mpaka magetsi ayake? Azakhali a Ponnamma ali pambali akufunsa kuti ali kuti, ali kuti?

— Musatero.

— Ndipo sizifika Lachisanu. Anyamata a pashopu ya tiyi ya a Kunjumon onse ali ndi mafoni. Mawa akhansala ali pakati polankhula, wina adzaseka kumbuyo. Ukufuna amve choncho?

— Ndiye auzeni inuyo. Inu amakumverani. Inu ndi amene munapita kukoleji.

— Ndiwaimbira ndikatuluka mu wodi.

— Mutuluka mawa dzuwa litakwera. Ng'oma zidzakhala zitayamba.

— Amayi?

— Amayi angoyamba kulira, kenako anena kuti ankadziwa, kenako aiwala chimene amafuna kunena. Chechi, ndiyambira pati? Ndinene kuti ababa, anangofuna khungu langa? Kwa munthu amene... Adzandiyang'ana bwanji?

— Sunalakwe kanthu.

— Ndinauza aliyense. Ndine ndinabwera kunyumba ndikuthamanga kuti ndine mng'ono wa Hridya. Pakamwa pangapa.

— Uli ndi zaka khumi ndi zisanu. Akuluakulu onse aja ankakuona ukuloweza mawu, palibe anatsegula pakamwa. Manyazi ndi awo.

— Koma chikwangwani chili ndi nkhope yanga, osati yawo.

— Ndikudziwa.

— Mukudziwa chimene chikundipweteka kwambiri? Nyimboyo ndi yokoma. Pobwerera m'boti ndinapempha Fidha tiionerenso. Manja aja akumweta bwino, Chechi. Mwachangu, mosaphonya, mmene amayi anandiphunzitsira. Anthu alemba pansi pake kuti Hridya walimbikira, waphunzira ntchito ya kumunda ngati wobadwira momwemo, apatsidwe mphotho. Wina walemba kuti manja okhawo akumuliritsa.

— Usamawerenge zimenezo.

— Ndinafuna kuyankha kuti zikomo.

— Athulya, tamvera. Ukawauza ababa, usayambe ndi kupepesa. Wamva? Uwakhazike pansi, uwapatse tiyi, unene mmene wandiuzira ine. Za mkono, za utoto, zonse.

— Akapita kukagwetsa chikwangwani pamaso pa anthu?

— Chikagwa chagwa.

— Akangokhala chete? Ine ndimaopa akakhala chete. Pamaliro a agogo anakhala sabata osalankhula, ankangokonza injini yosawonongeka.

— Ukhale nawo pomwepo. Iwe kukhala chete sumatha, uziwalankhulitsa.

— Musandiseketse, mamina akutuluka. Dikirani.

— Chiyani?

— Injini. Ndi boti yawo, ndimaidziwa kutsokomola kwake. Afika msanga lero.

— Pukuta kumaso.

— Akumangirira chingwe. Chechi, akuimba mluzu. Anyamula chinachake m'pepala la nthochi... ndi maluwa. Nkhata ya maluwa, yaikulu ngati ya mkwatibwi. Ndi ya mawa imeneyo, akufuna akhansala adzandiveke.

— Apatse foni. Ndilankhula nawo panopa, amatroni akalipe.

— Ayi.

— Suja umati ndiwauze ndine?

— Osati pafoni. Osati ali ndi maluwa m'manja, kenako aime pakhonde okha akumvetsera kachitsulo. Ndinena ndekha. Koma musadule. Ndiika foni m'thumba la siketi, inu mungokhala chete momwemo. Ndikadziwa kuti mulipo ndikwanitsa.

— Ndilipo. Koma uli ndi mayunitsi okwanira?

— Sindikudziwa, inalira kale kawiri. Akutsuka mapazi pasitepe. Akundiitana, akuti nyenyezi ili kuti.

— Pita. Athulya, belu lalira kuno, amatroni akubwera ndi dengu la mafoni, ndiyesa kubisa koma...

— Pang'ono pokha, Chechi. Mpaka ndiyambe. Mawu oyamba okha.

— Ndikuyesa, mwana wa amayi. Puma kaye, kenako uwau...

— Chechi? Halo? Chechi, mulipo?

— ...

— Halo?... Ee, ababa, ndili kukhitchini. Ayi, musawatsegule kaye maluwawo. Khalani pansi, ndikubweretsereni tiyi.